Mukakanizidwa ndalama za SSI ku America: kupempha kwake, apilo, ndi kumene mungapeze loya

Titatuluka m'tchalitchi Lamulungu lina, mayi ena a mumpingo mwathu anandikokera pambali n'kutulutsa kalata m'chikwama. Inali yopindidwa kanayi, m'mphepete mwake mutada chifukwa choyenda nayo. "Achimwene, a boma aja andikana," anatero. "Basi, ndazisiya m'manja mwa Mulungu." Ine sindinayambe ndi kuwerenga chimene awakanira. Maso anga anathamangira pamwamba pa kalatayo, pa deti. Panali patadutsa masiku 58. Tinakhala pa benchi ya kumbuyo, amayi anzawo akupinda nsalu za paguwa, n'kutumiza apilo pa foni yanga pomwepo. Akanazengereza masiku ena 10, mlandu umene anauvutikira miyezi yambiri ukanafera m'chikwama chija.

Mayiwa anagwira ntchito yosamalira okalamba mpaka msana unakana, monga zimachitikira ambiri a ife kuno. Ine si loya. Ndangoyenda nawo anthu angapo m'njira imeneyi, ndipo chimene chimandipweteka mtima n'chakuti ambiri amene amagwa sagwa chifukwa chakuti sakudwala. Amagwa pa masiku, pa mapepala, ndi pa ulemu wathu uja woyankha kuti "ndili bwino" pamene thupi likuwawa.

Choyamba, onani ngati khomoli ndi lanu

SSI, dzina lake lonse Supplemental Security Income, ndi ndalama zimene boma la America limapereka mwezi ndi mwezi kwa anthu aulumali, osaona, ndi okalamba a zaka 65 kupita m'tsogolo, amene alibe podalira. Zinayamba kuperekedwa mu Januwale 1974, ndipo amaziyendetsa ndi a Social Security Administration, amene ndiziwatchula kuti SSA. M'chaka cha 2025 munthu mmodzi ankatha kulandira mpaka madola 967 pamwezi, banja la anthu awiri oyenerera madola 1,450. Zigawo zina zimawonjezerapo pang'ono, ndipo m'zigawo zambiri wolandira SSI amalowanso mu Medicaid, thandizo la boma lolipira zakuchipatala, imene kwa wodwala imaposa ndalamazo phindu.

Musaisokoneze ndi SSDI (Social Security Disability Insurance), ndalama zina za aulumali zimene amaperekanso a SSA. Ya SSDI amayang'ana zaka zimene munagwira ntchito mukudulidwa msonkho. Ya SSI sayang'ana zimenezo. Amayang'ana umphawi wanu ndi matenda anu. Amene munagwirako ntchito, pemphani zonse ziwiri nthawi imodzi.

Nkhani ya mapepala okhalira m'dziko ndiyo imatsekereza ambiri a ife. Nzika ya America ikhoza kupempha. Wa green card amene analowa kuyambira pa 22 Ogasiti 1996 ayenera kudikira zaka 5, komanso akhale ndi makota 40 a ntchito, zomwe ndi pafupifupi zaka 10. Makota a mwamuna kapena mkazi wanu, ngakhale a makolo pamene munali mwana, akhoza kuwerengeredwa inu. Othawa kwawo ndi amene anapatsidwa asylum amalandira kwa zaka 7 zokha, pokhapokha akakhala nzika. Wa viza ya sukulu kapena ya ulendo sangalandire.

Koma mwana wobadwira kuno ndi nzika, ndipo ngati ali ndi ulumali ali ndi ufulu wopempha, kaya mapepala a makolo ake ali bwanji. Ndaona makolo akubisa mwana wa autism m'nyumba chifukwa cha mantha. Ngati muli ndi mlandu ku immigration, kapena mukuyembekezera kupempha green card, kaonaneni ndi loya wa za immigration musanasaine fomu iliyonse, chifukwa SSI ili m'gulu la thandizo la ndalama limene amaliyang'ana pa nkhani ya public charge, ndiko kuti poona ngati munthu angadzakhale wodalira thandizo la boma. Funsani ndithu, safunsa anadya phula, koma mantha okha asamanitse mwana thandizo lake.

Chachiwiri, werengani chuma chanu monga momwe iwo adzachiwerengere

Malire ake ndi madola 2,000 kwa munthu mmodzi, 3,000 kwa banja. Sanasinthe kuyambira 1989, ndipo kunena zoona ndi ochepa mochititsa chisoni, koma lamulo ndi lomwelo. Amawerenga zimene muli nazo tsiku loyamba la mwezi uliwonse. Nyumba imene mukukhalamo saiwerengera, galimoto imodzi yoyendera saiwerengera, katundu wa m'nyumba ndi malo a kumanda chimodzimodzi. Ndalama za mu akaunti ya ABLE, yosungiramo ndalama anthu aulumali, saziwerengera mpaka madola 100,000, ndipo kuyambira pa 1 Januwale 2026 akauntiyi ikhoza kutsegulidwa ndi aliyense amene ulumali wake unayamba asanakwanitse zaka 46.

Apa pali misampha itatu imene imakola ife makamaka, chifukwa cha mmene timakhalira.

Wina ndi chipereganyu ndi ndalama za gulu. Ngati ndinu msungichuma wa bungwe la maliro kapena la amayi, ndipo ndalama za anthu zimagona mu akaunti ya dzina lanu, a SSA adzaziona ngati zanu. Akaunti imene muli awiri ndi mchemwali wanu, adzaganiza kuti zonse zili mmenemo ndi zanu mpaka mutabweretsa umboni wotsutsa. Lekanitsani zimenezi musanapemphe, ndipo sungani mapepala osonyeza kuti mwini wake ndani.

Wina ndi malo kapena nyumba ya kumudzi. Katundu wa kunja kwa America amawerengedwanso, ngati ali wanu ndipo mungathe kumugulitsa. Puloti ya ku Lilongwe imene ili m'dzina lanu ndi chuma. Munda wa makolo umene muli nawo pamodzi ndi abale, umene simungaugulitse panokha, ndi nkhani ina, ndipo muyenera kuifotokoza bwino. Musabise. Kunama pa fomu ya boma ndi mlandu, ndipo kwa munthu amene si nzika zotsatira zake zimafika kutali.

Wachitatu ndi kutumiza ndalama kumudzi kuti akaunti itsike. Mukapereka chuma chanu ulere, kapena kuchigulitsa motchipa dala, akhoza kukutsekerani SSI mpaka miyezi 36. Kugwiritsa ntchito ndalama zanu pa lendi, mankhwala, ngongole kapena kukonzetsa galimoto ndi kololedwa, sungani malisiti.

Za ndalama zolowa pamwezi, masamu ake ndi awa. Amachotsa madola 20 oyamba, kenako madola 65 pa malipiro a ntchito, zotsalazo n'kuzigawa pakati. Tinene kuti mumapeza madola 465 pa ganyu. Kuchotsa 85 kutsala 380, theka lake ndi 190. Pa 967 ya 2025 ija achotsapo 190, mulandire 777. Ndiye kugwira kantchito kochepa sikukuthetserani zonse. Malipiro a mwamuna kapena mkazi amene mukukhala naye amawerengedwako, ndipo kwa mwana wosafika zaka 18 amawerengako za makolo. Ngati mukusungidwa kwa achibale osalipira kalikonse, akhoza kudula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Chakudya chimene anthu amakupatsani analeka kuchiwerengera ngati ndalama pa 30 Seputembala 2024, koma pogona amawerengabe. Ngati mwagwirizana ndi amene akukusungani kuti mudzabweza gawo lanu la lendi ndalama zikadzatuluka, lemberanani pepala, musainirane, pakhale deti.

Chachitatu, imbani lero

Musadikire kuti mapepala onse akwane. Imbani pa 1-800-772-1213, kapena pitani ku ofesi ya SSA ya m'dera lanu, munene kuti mukufuna kupempha SSI. Tsiku limenelo amalilemba, ndipo limateteza ndalama zanu bola mumalize pempho pasanathe masiku 60. Chifukwa chake ndi ichi: SSI salipira miyezi ya m'mbuyo musanapemphe. Imayambira mwezi wotsatira umene mwapemphera. Woimba pa 30 Epulo ndalama zake zimawerengedwa kuyambira Meyi. Woimba pa 2 Meyi wataya mwezi wathunthu.

Pemphani womasulira. Ndi waulere, ndipo ndi ufulu wanu. Nenani kuti Chichewa kapena Nyanja. Ngakhale Chingerezi mumachimva, kufotokoza ululu m'chilankhulo cha eni ake kumachepetsa nkhani. Ndipo si bwino kuti mwana wanu wa zaka 12 azimasulira za matenda a mayi ake.

Gulani kope ndi chikwama cha mapepala. M'kopemo lembani madokotala onse, zipatala, madeti, mankhwala, ndi ntchito zimene mwagwira zaka 5 zapitazi. Nthawi iliyonse mukalankhula ndi a SSA, lembani tsiku ndi zimene akuuzani. Pepala lililonse limene mukupereka, jambulani kaye. Ngati matenda ake ndi aakulu moonekeratu, monga kusaona kotheratu, Down syndrome, kapena impso zolephera zimene muli nazo pa dialysis, funsani za presumptive disability; akhoza kuyamba kukulipirani mpaka miyezi 6 mlandu usanagamulidwe.

Chachinayi, umboni wa matenda, pamene pagona mlandu wonse

Kwathu tikamva mawu akuti ulumali timaganiza za munthu wa pa njinga kapena wa ndodo. Lamulo la SSI silitero. Kwa wamkulu, ulumali ndi matenda a thupi kapena a maganizo, otsimikizidwa ndi achipatala, amene akumulepheretsa kugwira ntchito yopezera ndalama zokwanira, ndipo atenga kapena adzatenga miyezi 12, kapena adzamufikitsa ku imfa. Sitiroko, khunyu, khansa, mtima, shuga amene wawononga maso kapena mapazi, msana, kuvutika maganizo kwakukulu, zonsezi zikhoza kulowa. Mu 2025, wolandira malipiro opitirira madola 1,620 pamwezi ankamuona ngati akutha kugwira ntchito, ndipo pempho lake linkathera pomwepo.

Amene amaunika matenda si ofesi imene munapemphera ija. Fayilo imapita ku ofesi ya chigawo chanu yotchedwa Disability Determination Services. Kumeneko amafunsa mafunso motsatana: kodi mukugwira ntchito? Matendawo ndi aakulu? Akufanana ndi amene ali pa mndandanda wawo? Ngati ayi, mungabwerere ku ntchito imene munkagwira? Nanga ntchito ina iliyonse yopepukirapo? Anthu ambiri mlandu wawo umagamulidwa pa mafunso awiri omalizawa. Ndiye dzina la matenda palokha silokwanira. Akufuna kudziwa chimene thupi lanu likutha kuchita maola 8 pa tsiku, masiku 5 pa sabata.

Munthu amene akuunikayo sanakuonenipo. Amakudziwani kudzera m'zolemba za dokotala basi. Nanga dokotalayo walemba chiyani? Walemba zimene munamuuza. Akakufunsani kuti muli bwanji, inu n'kuyankha mwaulemu kuti muli bwino, mukuyesera, iye amalemba kuti wodwala akupeza bwino. Mawu amenewo adzawawerenga pokukanani. Kwathu kudandaula pamaso pa munthu wamkulu kumaoneka ngati kusaleredwa, ndipo wokhulupirira safuna kuvomereza matenda ndi pakamwa pake. Ndikumvetsa zimenezi, ndinakulira momwemo. Koma m'chipinda cha dokotala nenani zonse: usiku mwadzuka kangati, mwagwa kangati mwezi uno, mankhwala akukuchititsani tulo kapena chizungulire.

Adzakutumizirani fomu ya SSA-3373, yofunsa za moyo wanu wa tsiku ndi tsiku. Mayi aja ndinakhala nawo patebulo la kukhitchini kwawo tikukonza mayankho a pa apilo, ndipo ndinapempha kuona zimene analemba ulendo woyamba. Pa funso lakuti kodi mumadziphikira, analemba kuti eya. Ndinawafunsa kuti, "Mayi, nsima ya dzulo anaphika ndani?" Anati, "Ine ndinatereka madzi, n'kuika ufa wa phala. Pothyakula ndinaitana mtsikanayu, mkonowu sulola. Ndiwo ndimadula nditakhala pansi, ndikaima mphindi 10 mwendo umachita dzanzi." Yankho loona linali limenelo, ndipo silinali pa fomu. "Eya" uja sanali bodza, koma anabisa zonse zimene woweruza anafunika kumva. Yankhani ndi manambala ndi zitsanzo: mphindi zingati, mtunda wotani, ndani amakuthandizani, mukachita zimenezo mawa lake mumadzuka bwanji. Musakokomeze, amazindikira, ndipo akakukayikirani pa chimodzi amakayikira zonse. Musachepetsenso.

Pitirizani kupita kuchipatala. Pemphero ndi mankhwala a zitsamba amene abale atumiza sizisiya pepala m'fayilo, ndipo miyezi 8 yopanda dokotala imawerengedwa ngati miyezi 8 ya kuchira. Ngati vuto ndi ndalama, kuli zipatala za m'madera zotchedwa community health center zimene zimalipiritsa molingana ndi mapezedwe a munthu. Za matenda a maganizo musachite nazo manyazi. Kawirikawiri zimayenda limodzi ndi ululu wosatha, ndipo zikalembedwa zimawerengedwa pamodzi ndi za thupi.

Pemphani dokotala wanu alembe mwatsatanetsatane zimene simungathe kuchita. Kalata yongoti munthuyu ndi wolumala ilibe mphamvu, chifukwa kugamula zimenezo ndi kwa SSA. Yamphamvu ndi yonena kuti angaime mphindi zakuti, anganyamule mapaundi akuti, angajombe ku ntchito masiku akuti pamwezi, ndipo ikutchula MRI kapena zoyeza zimene zikusonyeza zimenezo. Pa mapempho amene anaperekedwa kuyambira pa 27 Malichi 2017, mawu a dokotala wanu sangopambana chifukwa ndi wanu. Amayang'ana ngati ali ndi umboni ndiponso ngati akugwirizana ndi zina zonse za m'fayilo. Akakuitanani kwa dokotala wawo, pitani. Amalipira ndi iwo, ndipo kujomba kukhoza kukukanitsani.

Kwa mwana, sayang'ana za ntchito. Amayang'ana mmene akuphunzirira, kumvetsera, kukhala ndi anzake, kuyenda, kudzisamalira ndi thanzi lake poyerekeza ndi ana a msinkhu wake. Mapepala a kusukulu, makamaka IEP (dongosolo lolembedwa la maphunziro apadera a mwanayo) ndi zolemba za aphunzitsi, ndi umboni waukulu.

Chachisanu, kalata yokana ikafika

Opitirira theka la opempha amakanidwa ulendo woyamba. Ndikubwereza kuti mumve: kukanidwa koyamba ndi chinthu chofala, si chizindikiro chakuti mulibe mlandu.

Muli ndi masiku 60 kuchokera tsiku limene mwalandira kalata, ndipo iwo amawerengera kuti yakupezani patatha masiku 5 kuchokera pa deti lolembedwapo. Lembani tsiku lomaliza pa kalendala, koma musalidikire. Apilo yoyamba imatchedwa reconsideration. Mukhoza kuitumiza pa intaneti pa ssa.gov, kapena kulemba fomu ya SSA-561 pamodzi ndi SSA-3441, yofotokoza zimene zasintha pa matenda anu, ndi SSA-827, yowalola kutenga zolemba za kuchipatala. Mukapereka pamanja, akudindireni kope lanu. Mukatumiza pa intaneti, sungani tsamba lotsimikizira.

Cholakwika chachikulu chimene ndimaona ndi kuyambiranso. Munthu akakanidwa amadikira miyezi ingapo n'kukalemba pempho latsopano. Potero wataya deti lake loyamba lija ndi ndalama zonse za miyezi ya pakatiyo, ndipo wabwerera pa khomo lomwe linamukana. Apilo ndiyo imasunga deti, ndiponso ndiyo njira yokafikira kwa woweruza.

Werengani bwino chimene akukanirani. Kalatayo imatchula zipatala zimene anatengako zolemba. Nthawi zina mupeza kuti dokotala wofunika kwambiri palibe. Ngati akukanani chifukwa cha chuma, umboni wofunika ndi wa kubanki, osati wa kuchipatala. Ngati masiku 60 adutsa kale, tumizanibe, ndipo lembani chifukwa chake: munagonekedwa m'chipatala, munali pa maliro a wachibale wapafupi, kalata inapita ku adiresi yakale, simunamve Chingerezi chake. Amatha kuvomereza chifukwa chomveka.

Amene munkalandira kale ndipo akuti akusiyitsani kapena akudulani, changu chake n'chachikulu: chitani apilo pasanathe masiku 10 ndipo munene kuti ndalama zipitirire pamene mlandu ukuunikidwa.

Pa reconsideration fayilo imaonedwa ndi munthu wina wa ku ofesi yomwe ija, ndipo opambana pamenepa ndi ochepa. Akakananso musadabwe, pitirirani.

Chachisanu ndi chimodzi, pezani loya

Ambiri amati loya ndi wa anthu a ndalama. Pa milandu iyi si choncho. Loya wa SSI salandira kanthu mukaluza. Mukapambana amatenga gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama za m'mbuyo zimene zaunjikana, koma osapitirira madola 9,200, malire amene anayamba pa 30 Novembala 2024. Malipirowo ayenera kuvomerezedwa ndi SSA, ndipo amadula okha n'kumupatsa. Ndalama zanu za mwezi ndi mwezi sazikhudza. Chimene angakulipiritseni padera ndi mtengo wotengera zolemba za kuchipatala. Funsiranitu, ndipo zilembedwe m'pangano. Munthu amene akuti mumupatse ndalama patsogolo kuti akuyendetsereni SSI, ngakhale akhale wa kwathu wolankhula bwino, mutalikireni.

Kuli aulere enieni. Mabungwe a legal aid amene amathandizidwa ndi Legal Services Corporation alipo m'chigawo chilichonse, ndipo amalandira anthu amene mapezedwe awo sapitirira 125 peresenti ya muyeso wa umphawi wa boma. Ku Indiana kuli Indiana Legal Services. Mabungwewa ali ndi malire pa anthu ena amene si nzika, koma mwana amene ndi nzika akhoza kumuimira. Chigawo chilichonse chilinso ndi bungwe loteteza ufulu wa anthu aulumali, monga Indiana Disability Rights. Masukulu ena a zamalamulo ali ndi ophunzira amene amayendetsa milandu moyang'aniridwa ndi aphunzitsi awo. Mukasowa poyambira, imbani 211, nambala yolondolera anthu kumene kuli thandizo. A legal aid ndi ofunika makamaka pa milandu ya kudulidwa ndalama kapena kuuzidwa kuti mubweze, imene maloya olipidwa saikonda chifukwa mulibe ndalama za m'mbuyo zodulapo.

Malangizo anga ndi akuti mumupeze mukangokanidwa koyamba, osati sabata yoti mukaonekere kwa woweruza. Mufunseni: kodi adzakuimirani ndi iye kapena wina? Mudzakumana liti mlandu usanalowe? Adzaitanitsa zolemba za kuchipatala ndani? Milandu ya ana, kapena ya anthu amene si nzika, anaigwirapo? Mukagwirizana mumasaina fomu ya SSA-1696. Woimira akhozanso kukhala munthu amene si loya. Ndipo ngakhale mwapeza loya, mlandu ndi wanu: muuzeni mukasintha dokotala, mukagonekedwa, mukasamuka, mukayamba ganyu.

Chachisanu ndi chiwiri, pamaso pa woweruza

Akakananso pa reconsideration, mumapempha kukaonekera kwa woweruza ndi fomu ya HA-501, masiku ndi omwe aja 60. Kudikira kwake ndi kwa miyezi yambiri, kuona maso a nkhono n'kudekha, koma pano ndi pamene pafupifupi theka la ofikapo amapambana, chifukwa kwa nthawi yoyamba wogamula amakumvani ndi makutu ake. Ngati mwatsala pang'ono kutulutsidwa m'nyumba, mulibe chakudya kapena mankhwala, kapena matenda afika poopsa, uzani loya apemphe kuti mlandu ufulumizidwe.

Amakudziwitsani tsiku kutatsala masiku osachepera 75. Umboni wonse ufike, kapena muwadziwitse za umboniwo, kutatsala masiku 5 a ntchito. Mlandu ukhoza kumvedwa pamaso m'pamaso, pa foni kapena pa vidiyo. Si khoti la anthu ambiri. Mumakhala woweruza, inu, loya wanu, womasulira, wojambula mawu, ndipo kawirikawiri katswiri wa za ntchito. Palibe loya wa mbali ina wokupanikizani. Kawirikawiri zimatha pasanathe ola.

Woweruza amafunsa katswiri uja kuti munthu wa msinkhu wanu, maphunziro anu, ndi zolephera zakutizakuti angapeze ntchito yanji. Katswiriyo akatchula ntchito zitatu zopepuka, mtima usagwe. Apa ndi pamene loya amagwira ntchito yake: amafunsa kuti, nanga munthuyo akamajomba masiku atatu pamwezi, kapena akamafunika kugona masana, ntchitozo angazisunge? Yankho la funso limenelo lagamula milandu yambiri, ndipo limalimba ngati dokotala analemba kale zomwezo.

Msinkhu uli ndi mbali yake. Malamulo amafewerapo pa zaka 50, n'kufeweranso pa 55. Kuyambira mu Juni 2024 amangoyang'ana ntchito za zaka 5 zapitazo, osati 15 ngati kale. Kusadziwa Chingerezi analeka kukuwerengera ngati chifukwa mu Epulo 2020, ndiye musadalire zimenezo.

Mukafunsidwa, yankhani chimene mwafunsidwa. Ngati simunamve, nenani kuti abwereze. Ngati womasulira akulankhula Chinyanja chimene simukuchimva bwino, kapena akufupikitsa mawu anu, nenani pomwepo kuti zilembedwe. Msana ukawawa, pemphani kuimirira. Mayi aja anafotokoza za nsima ija monga anandiuzira kukhitchini, ndipo kalata yowavomera inafika patapita milungu ingapo.

Woweruza akakana, pali Appeals Council, bungwe la SSA lounika zigamulo za oweruza, fomu ya HA-520, masiku 60. Iwo samvanso mlandu. Amayang'ana ngati woweruza analakwitsa lamulo kapena kusiya umboni, ndipo akhoza kuubweza kuti umvedwenso. Akakana iwonso, mumasumira ku khoti la federal district pasanathe masiku 60. Kumeneko pitani ndi loya, ndipo wosauka akhoza kupempha kuti asalipire ndalama yotsegulira mlandu.

Mukapambana

Ndalama za m'mbuyo zikachuluka kufika pa za miyezi itatu, amazipereka m'magawo osapitirira atatu, motalikirana miyezi 6. Ngati muli ndi ngongole ya lendi kapena ya kuchipatala, anenereni, akhoza kukulitsa gawo loyamba. Gawo lililonse saliwerengera ngati chuma kwa miyezi 9. Ikatha, malire a 2,000 aja abwerera. Abale kumudzi adzamva kuti zatuluka, ndipo mtima udzafuna kugawa. Kumbukirani za miyezi 36 ija, ndipo funsani loya musanatumize ndalama yaikulu. Za mwana zikachuluka zimalowa mu akaunti yapadera, yogwiritsa ntchito pa zinthu monga chithandizo ndi maphunziro ake.

Chilichonse chikasintha, kaya malipiro, adiresi, ukwati, kapena amene mukukhala nawo, nenani pofika pa 10 mwezi wotsatira. Akakulemberani kuti anakulipirani mopyola, mukhoza kuchita apilo ngati mukutsutsa, kapena kupempha ndi fomu ya SSA-632 kuti akukhululukireni ngati vuto silinali lanu ndipo simungathe kubweza. Mwana akakwanitsa zaka 18 amamuunikanso ndi malamulo a akulu, ndiye yambani kusonkhanitsa zolemba zake chaka chimodzi zisanafike.

Chomaliza ndi ulendo wa kumudzi. Mukakhala kunja kwa America masiku 30 otsatizana, SSI imaima, ndipo siyambanso mpaka mutabwerera n'kukhala kuno masiku ena 30 otsatizana. Maliro a kholo sayang'ana kalendala, ndipo ukafika kumudzi abale amati dikirani tisese, dikirani tikambe za ana ndi katundu. Pogula tikiti, ikani tsiku lobwerera lisanafike la 30, musiye mpata wa masiku angapo poopa kuti ndege ingasinthidwe. Ngati mukudziwiratu kuti mukakhalitsa, auzeni a SSA musananyamuke, ndipo pobwera sungani tikiti ndi chidindo cha m'pasipoti, kuti mukawaonetse tsiku limene munafika.